Foni, wailesi ndi mwana amene wasiya kuyesa kuwerenga: zimene zingatheke ku Mualadzi

Mu 2013 bungwe la INDE, lomwe limakonza silabasi ya sukulu za m'Mozambique, linayesa ana a kalasi yachitatu m'zigawo zonse za dziko kuti lione amene akutha kuwerenga Chipwitikizi pa mlingo umene silabasiyo imafuna. Anapezeka ana 6 okha pa 100 alionse. Mayeso atabwerezedwa mu 2016, chiwerengerocho chinatsikira pa ana 5. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60, ofika pa mlingowo ndi atatu kapena anayi. Mawu akuti "mwana wovutika kuwerenga" amamveka ngati akunena za kamwana kamodzi kokhala kumbuyo, koma m'sukulu zambiri zakumudzi akunena za kalasi pafupifupi yonse.

Mualadzi, kumpoto kwa boma la Chifunde kufupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, ndi dera la anthu olankhula Chinyanja, chomwe ambiri kumeneko amachitcha Chichewa. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu amene anayamwira Chipwitikizi ndi pafupifupi 17 pa 100 alionse m'dziko lonse, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Mwana wa ku Mualadzi amakumana ndi Chipwitikizi chenicheni tsiku loyamba kusukulu. Ikamamveka nkhani ya matabuleti, mafoni ndi mapulogalamu a wailesi opangidwa ndi ana, funso loyenera kufunsa ndi lakuti zinthu zimenezi zikuthandiza mwana uti, pa vuto lake liti, ndipo m'chilankhulo chiti.

Mavuto atatu obisala m'dzina limodzi

Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuwerenga m'njira yosavuta yomwe ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kuti mwana amve zimene akuwerenga pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: kutha kusandutsa zilembo kukhala mawu, ndi kudziwa chilankhulo chimene mawuwo alembedwamo. Chimodzi chikasowa, chinacho sichipulumutsa.

Apa pamatuluka ana a mitundu yosiyana amene mphunzitsi amawaika m'thumba limodzi. Pali mwana amene sanagwire ubale wa chilembo ndi liwu lake. Amakopera za pabolodi mwaukhondo, mwina kuposa anzake, koma akujambula chabe, monga mmene angajambulire nyumba kapena njinga. Pali wina amene amatchula bwinobwino chiganizo cha Chipwitikizi kuchokera koyamba mpaka kumapeto, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikunena za yani amangoyang'ana pansi. Ndiye pali wachitatu, amene zilembo amazidziwa ndipo chilankhulo ndi chake, koma amawerenga pang'onopang'ono kwambiri moti akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. M'Chinyanja vuto lachitatuli limakula chifukwa mawu ake ndi aatali. Mawu amodzi monga "sitidzakuphunzitsaninso" amanyamula zimene Chipwitikizi chimazigawa m'mawu angapo, ndipo maphatikizo monga nkhwa, mphwa ndi ntcha amaimitsa mwana amene anazolowera ba, be, bi, bo, bu yekha.

Pamwamba pa zonsezi pali manyazi. Keith Stanovich analemba mu 1986 za mmene kusiyana kwakung'ono kwa pachiyambi kumakulira chaka ndi chaka: wowerenga bwino amawerenga zambiri ndipo amaphunzira mawu ambiri, pomwe wovutika amathawa buku ndipo amatsalira kwambiri. Mwana wa zaka 12 amene ali m'kalasi yachinayi, amene kumunda amadaliridwa ngati munthu wamkulu, safuna kuchita chibwibwi pamaso pa ana aang'ono kwa iye. Amasankha kukhala chete, kapena kuchita phokoso, kapena kujomba. Ambiri mwa ana amene amanenedwa kuti ndi aulesi ndi ana amene anayesa, anasekedwa, ndipo anaganiza zosayesanso. Chida chilichonse chobwera kusukulu chiyenera kuyezedwa ndi funso limeneli: kodi chikumubwezera mwana wotereyu ku zilembo, kapena chikumupatsa malo atsopano obisalamo?

Tete anayamba kale

Maphunziro a zilankhulo ziwiri si achilendo m'chigawo cha Tete. Pakati pa 1993 ndi 1997 INDE inayendetsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO m'zigawo ziwiri zokha: ku Gaza m'Chichangana ndi ku Tete m'Chinyanja. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana ophunzira m'chilankhulo chawo ankalankhula momasuka m'kalasi, ankafunsa mafunso, ndipo makolo ankaikonda ntchitoyo. Anaonanso kuti kusamukira ku Chipwitikizi kunkachitika mofulumira kwambiri, ana asanakonzeke. Kuchokera mu 2003 boma linayamba maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zochepa, m'zilankhulo 16, ndipo pachiyambi pake mwana ankaphunzira m'chilankhulo chake m'makalasi atatu oyamba n'kusamukira ku Chipwitikizi m'kalasi yachinayi. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 lochokera pa kafukufuku wa ku Gaza, anaonetsa kuti moyo wa m'kalasi umasintha ana akaloledwa kulankhula chilankhulo chawo, koma anadandaula za kusowa kwa mabuku a zilankhulo za m'dziko muno ndi za mmene ana amafookera pa nthawi yosamukira ku Chipwitikizi.

Zinthu ziwiri zimenezi, kusowa kwa zowerenga ndi kugwa kwa ana pa nthawi yosamuka, ndi pamene zipangizo zamakono zingakhale ndi ntchito yeniyeni. Mwana angaphunzire maphatikizo onse m'kalasi yoyamba, koma ngati palibe chowerenga china kupatula buku limodzi la sukulu, luso lake silikhwima.

Mualadzi ali ndi mwayi wina umene suoneka m'malipoti. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja ambiri a kumpoto kwa Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Ena mwa ana a nthawi imeneyo anaphunzira kuwerenga Chichewa kapena Chinyanja m'sukulu za kumeneko, ndipo lero ndi makolo ndi agogo. M'mipingo anthu amawerenga Baibulo ndi mabuku a nyimbo m'Chichewa. Choncho m'mudzi muli anthu odziwa kuwerenga chilankhulo cha mwanayo, ngakhale Chipwitikizi chawo chili chochepa. Sukulu yophunzitsa m'Chipwitikizi chokha imawaona anthu amenewa ngati osaphunzira. Ntchito yolembedwa m'Chinyanja imawasandutsa othandiza.

Zimene zipangizo zachita kwina

Umboni wodziwika kwambiri wa zimene sizigwira ntchito unachokera ku Peru. Boma la kumeneko linagawa makompyuta aang'ono a One Laptop per Child m'sukulu zakumudzi, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012, wokhudza sukulu 319, anapeza kuti ana anaphunzira kugwiritsa ntchito makompyutawo koma zotsatira zawo pa masamu ndi chilankhulo sizinasinthe. Makinawo anafika opanda ndondomeko yoti mwana achite nawo chiyani pa nkhani ya kuwerenga.

Kufupi ndi kwathu kuno zinthu zinayenda mosiyana. Ku Lusaka, akatswiri a University of Zambia mogwirizana ndi a yunivesite ya Jyväskylä ku Finland anayesa masewera a pafoni otchedwa GraphoGame m'Chinyanja. Masewerawa ndi osavuta: mwana amamva liwu m'makutu, amasankha chilembo kapena phatikizo logwirizana nalo, ndipo foni imamuuza pomwepo ngati walondola. Akalakwa palibe womuseka, ndipo masewerawo amabwereza zimene zikumuvuta. Zotsatira zimene Jacqueline Jere-Folotiya ndi anzake anasindikiza mu 2014 zinasonyeza kuti ana a giredi yoyamba anapindula, makamaka pamene mphunzitsi wawo nayenso anasewera masewerawo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Aphunzitsi ambiri anaphunzira mayina a zilembo m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo amawaphunzitsa ana mayinawo m'malo mwa maliwu ake a m'Chinyanja. Mwana amene wauzidwa kuti m ndi "eme" ndipo f ndi "efe" amavutika kuona mmene zilembozo zikupangira mawu akuti "mfumu". Masewerawo anakonza khutu la mphunzitsi pamodzi ndi la mwana.

Ku Malawi, bungwe la onebillion linapanga mapulogalamu a patabuleti m'Chichewa, ndipo VSO inawafikitsa m'sukulu kudzera m'ntchito ya Unlocking Talent. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anayesa pulogalamu ya masamu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe kwa milungu 8, ndipo mu 2015 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti ana ogwiritsa ntchito pulogalamuyo anaposa anzawo. Mu 2019 onebillion inali imodzi mwa magulu awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwa m'midzi ya ku Tanzania m'Chiswahili. Kuchokera mu 2023 boma la Malawi layamba kufalitsa matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT. Chosiyanitsa ntchito imeneyi ndi ya ku Peru si kukongola kwa makina. Pali nthawi yoikika pa ndandanda ya sukulu, pali munthu woyang'anira, ndipo pulogalamuyo imayendetsa mwana sitepe ndi sitepe m'chilankhulo chake.

Wailesi nayo ili ndi mbiri yake: Learning at Taonga Market ku Zambia kuyambira mu 2000, ndi Tikwere ku Malawi kuyambira mu 2008. M'mapulogalamu amenewa mphunzitsi wa pawailesi amasiya mpata woti ana ayankhe, aimbe kapena alembe, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi amatsogolera.

Chimanga, cimanga ndi chuva

Wina anganene kuti popeza Malawi ndi Zambia ali kale ndi zinthu zimenezi m'chilankhulo chomwechi, sukulu za ku Chifunde zingobwereka. Kubwereka n'kwanzeru, koma pali msampha wa kalembedwe umene umagwira makamaka mwana wofooka.

Kalembedwe ka zilankhulo za m'Mozambique kanakhazikitsidwa pa misonkhano itatu ya akatswiri, mu 1988, 1999 ndi 2008, motsogozedwa ndi a Universidade Eduardo Mondlane. M'kalembedwe kameneka, monganso ku Zambia, amalemba "cimanga" ndi "Cinyanja". Ku Malawi amalemba "chimanga". Liwu limene Malawi amalilemba tch, kuno ndi ku Zambia limalembedwa ch. Ndiye kubwera Chipwitikizi: m'mawu akuti "chuva", ch amamveka ngati sh, m'mawu akuti "casa", c amamveka ngati k, m'mawu akuti "cidade", c yemweyo amamveka ngati s. Liwu la ny la m'mawu akuti "nyumba" Chipwitikizi chimalilemba nh, monga mu "galinha". Ngakhale dzina la malo ano likuchitira umboni: pa zikwangwani pamalembedwa Mualadzi, ndi u wa Chipwitikizi, pamene kalembedwe ka Chinyanja kakanaika w.

Wowerenga wokhwima zimenezi sizimusokoneza. Amaona "chimanga" kapena "cimanga" n'kudziwa kuti ndi chakudya chomwecho. Koma mwana amene akungoyamba kukhulupirira kuti chilembo chili ndi liwu lodalirika, akakumana ndi ch wa maliwu atatu m'sabata imodzi, amabwerera ku maganizo ake akale akuti kuwerenga ndi kulota. Choncho pulogalamu yobwerekedwa iyenera kuunikidwa kaye ndi mphunzitsi, ndipo kusiyanaku kuphunzitsidwe poyera, pabolodi, m'mizere itatu yoyandikana. Ana amachikonda chinthu chimenechi chikaperekedwa ngati chinsinsi choti achitulukire okha. Kubisa kusiyanaku ndiko kumavulaza.

Mwana akakhala wopanga

Matabuleti a kalasi yonse amafuna ndalama zimene sukulu payokha singapeze. Koma pali njira ina imene imafuna foni imodzi yokha yotha kujambula mawu, kasipika kakang'ono, mapepala ndi choko. Apa ana sakhala olandira chabe. Amapanga okha pulogalamu ya wailesi, kabuku kapena nyuzipepala yomata pakhoma.

Taganizirani gulu la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kalasi yachinayi, ena owerenga bwino, ena ovutika. Asankha kupanga pulogalamu ya mphindi 5 yokhudza mmene amayi amasungira mfutso. Choyamba akambirana mafunso oti akafunse, ndipo awalemba. Kenako apita kwa agogo a pafupi ndi sukulu, ndipo mwana aliyense awerenga funso lake kuchokera papepala, foni ikujambula. Akabwerera amvetsera, asankha mbali zofunika, ndipo anena m'mawu awoawo zimene amva, mphunzitsi kapena mnzawo akulemba pabolodi ndendende mmene anenera. Zolembedwazo ndizo zoti adzawerenge pojambula pulogalamu. Aliyense akopera mizere yake, aiyeserera, ajambula, adzimvetsera, ndipo nthawi zambiri amapempha yekha kuti abwerezenso.

Mkati mwa ntchito yooneka ngati masewerayi muli njira ziwiri zakale zodziwika bwino. Yoyamba ndi yophunzitsa kuwerenga pogwiritsa ntchito mawu ochokera m'kamwa mwa mwana yemwe. Ndiyo inali maziko a Breakthrough to Literacy, imene Zambia inaigwiritsa ntchito m'zilankhulo zake pansi pa Primary Reading Programme kuyambira mu 1999. Mwana akamawerenga chiganizo chimene wanena yekha, vuto la tanthauzo limachoka, ndipo nzeru zake zonse zimapita pa zilembo. Yachiwiri ndi kuwerenga ndime imodzi mobwerezabwereza mpaka itayenda bwino, njira imene S. Jay Samuels anaifotokoza mu 1979. Njirayi imathandiza, koma imatopetsa, ndipo mwana wamkulu amaiona ngati chilango. Foni imasintha chifukwa chobwerezera. Palibe mwana amene amafunsa kuti awerengerenji kachisanu pamene akudziwa kuti mawu ake akamveka kwa amayi ake ndi kwa anzake a mpira. Oulutsa mawu enieni nawonso amayeserera, ndipo ana a m'dera limene anthu amamvera Rádio Moçambique ya ku Tete m'Chinyanja, ena n'kumagwiranso mawailesi a ku Malawi ndi ku Chipata, amadziwa bwino mmene woulutsa wabwino amamvekera.

Kujambula kulinso ndi ubwino wina kwa mwana wamanyazi: kulakwitsa kumafufutika. Pamaso pa kalasi, chibwibwi chake chimamveka kamodzi ndipo chimakumbukiridwa. Pansi pa mtengo ndi anzake anayi, amatha kujambula kasanu n'kusunga kabwino kokha.

Pali ngozi imodzi imene imapha cholinga chonse, ndipo imachitika mwaulemu kwambiri moti mphunzitsi saiona. Gulu likamagawana ntchito, mwana wodziwa kuwerenga amatenga pepala, ndipo wovutika amapatsidwa foni kuti azijambula, kapena ng'oma kuti aziimba poyambira pulogalamu. Aliyense amasangalala, pulogalamu imatuluka yokoma, alendo amaombera m'manja, koma mwana amene ntchitoyo inapangidwira sanawerenge chilembo n'chimodzi chomwe. Lamulo liyenera kukhala lakuti palibe wogwira foni amene sanawerenge mizere yake. Mizereyo ingakhale iwiri yokha, yaifupi, yosankhidwa mogwirizana ndi pamene mwanayo wafika, koma ikhalepo. Pulogalamu yokhala ndi mawu ozengereza a ana asanu ndi yaphindu kuposa yosalala ya mwana mmodzi.

Chipwitikizi chimalowa bwino pa sitepe yachiwiri. Gulu likamaliza pulogalamu yake m'Chinyanja, lingakonze chidule cha ziganizo zitatu kapena zinayi m'Chipwitikizi, ngati mitu ya nkhani. Popeza ana akudziwa kale zimene akufuna kunena, amafunafuna mawu a Chipwitikizi ali ndi tanthauzo m'manja, m'malo moloweza mawu opanda kanthu. Umu ndi mmene mlatho wa pakati pa zilankhulo ziwiri uyenera kuyendera, kuchokera ku chodziwika kupita ku chachilendo.

Nthawi ya ntchito yotereyi ilipo kale pa ndandanda. Silabasi imene inayamba mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira kuti akhale a currículo local, zinthu za m'dera zimene anthu a m'mudzi akufuna kuti ana awo aphunzire. M'sukulu zambiri nthawi imeneyi imangodutsa chifukwa palibe cholembedwa choti mphunzitsi agwiritse ntchito. Ana akamafunsa akuluakulu za kasungidwe ka mbewu, mayina a mitengo, mbiri ya mudzi kapena ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika, amakhala akulemba okha buku la currículo local limene kulibe.

Zojambulidwazo zisathere m'foni. Mawu a pulogalamu iliyonse akopedwe papepala lalikulu n'kumatidwa pakhoma, kuti ana a magulu ena awerenge akumvetsera. Kuona mawu pa nthawi imene akumveka kuli ndi mphamvu yake: ku India, Brij Kothari anayamba m'zaka za m'ma 1990 kuika mawu a nyimbo pansi pa kanema m'chilankhulo chomwecho cha nyimboyo, kuti anthu owerenga movutikira azitsatira ndi maso zimene akuimba. Pepala la pakhoma ndi kasipika zimachita zofanana pa mtengo wochepa. Kumene kuli kompyuta, monga ku ofesi ya maphunziro ya boma kapena kusukulu ya sekondale, pulogalamu yaulere ya Bloom, yopangidwa ndi SIL, imathandiza kusandutsa nkhani za ana kukhala timabuku tosindikiza, ndipo African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa linayambitsa mu 2014, ili ndi nkhani za ana zimene aliyense amaloledwa kumasulira ndi kusindikiza. Kabuku ka masamba 8 kokhala ndi dzina la mwana pachikuto kamapita kunyumba, ndipo kumeneko kamakumana ndi agogo aja amene anaphunzira ku Ukwimi kapena ku Malawi.

Zovuta zimene sizisowa

Foni imene ikunenedwa pano nthawi zambiri ndi ya mphunzitsi, yogula ndi malipiro ake. Si chilungamo kumanga ntchito ya sukulu pa katundu wa munthu popanda kugwirizana za kutchaja, za memori khadi, ndi za amene adzalipire ikagwa pansi. Nkhani imeneyi ndi ya khonsolo ya sukulu, ndipo ikambidwe ntchito isanayambe. Intaneti siifunika tsiku ndi tsiku. Zojambula zimasamutsidwa pa Bluetooth kapena pa memori khadi, ndipo misonkhano ya aphunzitsi a ZIP imodzi ndi malo abwino osinthanirana mapulogalamu, kuti ana a sukulu ina amve anzawo a kutsidya kwa mtsinje.

Chilolezo cha makolo n'chofunika mawu kapena nkhope ya mwana isanatuluke pa sukulu, ndipo chinthu chikangolowa pa WhatsApp sichibwereranso. Mawu okha ndi otetezeka kuposa vidiyo. Palinso nkhani zimene si za maikolofoni. Gule wamkulu ndi wodziwika padziko lonse, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Mphunzitsi wochokera kutali, amene mwina kwawo ndi ku Tete mumzinda kapena ku chigawo china, afunse kaye kwa amfumu ndi anamkungwi asanatume ana ndi foni.

Kalendala ya munda nayo imalamula. Chaka cha sukulu chimayamba pamene fodya, mbewu imene mabanja ambiri a ku Chifunde amadalira, akuthyoledwa ndi kusokedwa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Ana amene amajomba kwambiri miyezi imeneyi ndi omwewo amene akutsalira pa kuwerenga. Ntchito ya milungu 6 yofuna kuti mwana apezeke tsiku lililonse imawataya. Yabwino ndi yaifupi, yotha m'masiku atatu kapena anayi, kuti wojomba sabata ino alowe m'gulu sabata yamawa. Atsikana nawo amafunika kuwayang'anira mwapadera, chifukwa chida chatsopano chikafika anyamata ndiwo amathamangira kuchigwira, ndipo ntchito yochitika sukulu itaweruka imapeza mtsikana ali kale kumjigo.

Chinanso n'chakuti pulogalamu ya wailesi siphunzitsa maphatikizo. Mwana amene sadziwa kuti n, k, h ndi w akaphatikizana amamveka bwanji angaloweze mizere yake pamtima n'kuinena bwinobwino akuyang'ana pepala. Ana otere amafunika mphindi zawo zapadera za maliwu ndi maphatikizo tsiku lililonse, m'magulu otengera pamene afika osati kalasi imene ali, monga mmene ndondomeko ya Catch Up yachitira ku Zambia kuyambira mu 2016 m'zigawo za Kummawa ndi Kummwera. Ntchito ya wailesi imapereka chifukwa chophunzirira, ndipo mphindi zimenezi zimapereka luso lenilenilo.

Kudziwa ngati zathandiza

Chisangalalo cha ana chimaoneka msanga ndipo chimanyenga. Chofunika kuyeza ndi kuwerenga kwenikweniko, ndipo foni yomweyo ingathandize. Ntchito isanayambe, mwana aliyense wovutika awerenge kwa mphindi imodzi kandime ka Chinyanja kamene sanakaonepo, mphunzitsi akujambula, kenako ayankhe mafunso atatu a zimene wawerenga. Pakatha teremu awerenge kandime kena katsopano ka msinkhu womwewo. Kandimeko kayenera kukhala kachilendo, apo ayi chikuyezedwa ndi kuloweza. Mphunzitsi awerengetse mawu otchulidwa molondola ndi kulemba maphatikizo amene mwanayo akukakamirapo.

Chiwerengero chotulukacho chisayerekezedwe ndi milingo ya Chipwitikizi kapena Chingerezi, pakuti mawu 30 a Chinyanja amanyamula zambiri kuposa mawu 30 a zilankhulo zimenezo. Mwana ayerekezedwe ndi iye mwini wa miyezi itatu yapitayo. Ndi bwinonso kujambula ana angapo a msinkhu womwewo a kalasi imene sinachite nawo ntchitoyi, chifukwa ana amapita patsogolo ndithu pa teremu ngakhale popanda foni, ndipo popanda kuyerekeza koteroko kupita patsogolo kulikonse kumaoneka ngati kwabwera ndi ntchito yatsopanoyo. Zojambula ziwirizo, ya mu Marichi ndi ya mu Juni, mwanayo azimve yekha kaye, kenako ndi kholo lake ngati iye wavomera.